Enifa ndi Manambala a Mvula a Bambo Ake

Anthu okwera minibasi ya m'mawa pa Lirangwe amamudziwa Enifa Makwinja, ngakhale ambiri dzina lake salidziwa. Ndi mayi wamtali, wowonda, amene amafungatira chikwama cha laputopu pachifuwa ngati khanda, ndipo amakonda mpando wa pawindo. Makondakitala amamutchula kuti "a zanyengo". Akamufunsa ngati mvula igwe lero, amayankha kuti sadziwa, ntchito yake ndi ya mvula imene inagwa kale.

Anabadwira kuseri kwa Lirangwe, m'mudzi wa kumene msewu wafumbi umathera. Bambo ake, a Noah, anali mlonda pa bwalo la ndege la Chileka. Ankagona komweko m'kati mwa sabata, Loweruka n'kupalasa njinga kubwera kumudzi. Pa ulonda wawo ankaona anthu a zanyengo akuyeza mvula m'kachida kawo, ndipo chinthucho chinawalowa mumtima. Kunyumba anakhomera chitini pamtengo pakati pa bwalo, mvula ikagwa n'kumaviikamo kamtengo kodulidwadulidwa. Anthu ankawaseka kuti mvula sayeza, amangothokoza. Iwo ankangoitana Enifa, ali kamwana, kuti awerenge timizere tonyowa pa kamtengoko.

Mayi ake anamwalira iye ali Folomu 2. Sukulu anamaliza, masamu anakhoza bwino, koma ku koleji sanapite. Anapeza ntchito pa shopu ya fotokope ku Chileka, ndipo kumeneko anakumana ndi Tony, dalaivala wa minibasi woseka kwambiri, n'kukwatirana naye. Msuweni wake Edson, amene ankanyamula katundu pa bwalo la ndege, anamupatsa laputopu yakale yong'ambika pakona, m'kati mwake muli maphunziro a kalembedwe ka mapulogalamu. Makasitomala akasowa, Enifa ankatsegula n'kumayesa. Ankalakwitsa, kompyuta n'kumukanira, iye n'kuyesanso. Chinkamusangalatsa n'chakuti kompyuta ikakana inkanena pamene walakwitsa, sinkangokwiya.

Tony ankangokwiya. Tsiku lina Enifa anafika kumudzi diso litatupa mpaka kutsekeka. A Noah anamuwiritsira madzi, anamuthowa okha, anamupatsa chakudya. M'mawa mwake anatulutsa njinga, anapukuta keliyala, nati, "Kwera, ndikakutule. Banja ndi kupirira, mwana wanga. Amako anapirira zambiri."

Anakwera. Ulendo wonse mpaka pa siteji anayang'ana msana wa bambo ake, malaya atanyowa thukuta. Patapita miyezi anachoka kwa Tony yekha, anachita lendi kachipinda ku Chileka, ndipo kumudzi anasiya kupita. Akakumana ndi a Noah pa maliro a wachibale ankagwada n'kuwapatsa moni, iwo n'kuyankha, basi. Panalibe amene anatukwana mnzake. Nkhani yokha ndi imene inatha pakati pawo.

Ntchito imene akugwira mpaka lero anaipeza pa kabungwe kena ka alimi, ka ofesi ya zipinda ziwiri pafupi ndi msika wa ku Chileka. Kabungweka kanaika zoyezera mvula m'midzi ya ku Chileka, Lirangwe ndi Madziabango. Pamudzi uliwonse panali munthu woyang'ana choyezeracho m'mawa n'kutumiza nambala pa foni, ndipo kuchokera pa manambalawo ofesi inkalangiza alimi za kudzala ndi kuthira feteleza. Manambala akalowa m'kompyuta ankakhala m'mizere, mudzi uliwonse ndi mzere wake, tsiku lililonse ndi malo ake. Odziwa ntchitoyi mizere yotere amaitchula kuti areyi.

Pulogalamu imene Enifa anaipeza inkayenda ngati munthu wotola mtedza wotayika: kutola nambala imodzi, kuiyang'ana, kuiika, kenaka ina. Magetsi akazima, batire linkatha ntchito ili pakati. Enifa anayamba kulemba timapulogalamu ting'onoting'ono, kalikonse ka ntchito imodzi, timene ena amati mafankishoni, ndipo anatipatsa mayina a Chichewa. Kena anakatcha phatikiza, kena sanja, kena gawa_sabata. Anaphunzira kugwira mzere wonse nthawi imodzi, monga amachitira wopeta ndi lichero, amene sachotsa gaga mmodzimmodzi. Ntchito imene inkadya masana onse inayamba kutha madzi a tiyi asanawire. A Diana, mkulu wa ofesiyo, ankaima kumbuyo kwake n'kumangopukusa mutu.

Vuto linali mipata. Wina foni yatha moto, wina alibe mayunitsi, wina wapita ku maliro. Malo opanda nambala ankasokoneza masamu onse, ndipo a Diana ankafuna tebulo la manambala lathunthu m'mawa uliwonse. Choncho Enifa analemba kapulogalamu kena, kachida kotchedwa tseka_mpata. Kakapeza malo opanda kanthu kankayang'ana midzi yoyandikana tsiku lomwelo, kutenga nambala ya pakati pawo, n'kuikapo. Poyamba manambala ongoikidwawo ankaoneka ofiira. Koma kuti aoneke ofiira, pulogalamu inkanyamula mzere wachiwiri wolemera wokumbukira kuti iyi ndi yeniyeni, iyi ndi yoikidwa, ndipo laputopu yokalambayo inkalira fani ngati ikufuna kuuluka. Enifa anachotsa mzere wachiwiriwo. Zonse zinakhala zakuda, zofanana, ndipo zinathamanga. Tsiku limenelo anadzigulira chipisi cha pamsewu podziyamikira.

Woika zoyezera m'midzi anali Swaleh, bambo wa njinga yamoto, wokonda nthabwala. Atamva kuti Swaleh akufuna munthu woyang'ana choyezera kuseri kwa Lirangwe, Enifa anati, "Achimwene, kumeneko kuli mdala wina, a Noah. Anapuma pa ntchito. Mvula amaidziwa. Koma musawauze kuti ndakutumani ndine."

Swaleh anabwerako akuseka. "Achemwali, mdala uja sanandifunse n'komwe kuti ndine ndani. Angoti, 'Mukamuuze kuti chitini changa chinali bwino, koma ichi ndalandira.' Ndi bambo anu, eti?"

"Ndi bambo anga."

Kuyambira pamenepo, Enifa akatsegula laputopu m'mawa, maso ake ankapita kaye pa mzere wa a Noah. Bambowo sankaphonya. Ngakhale mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ankatumiza ziro wawo. Ziro ameneyo Enifa ankamuwerenga ngati moni: adzuka, atuluka panja, maso akuona, zala zikugwira. Nthawi zina ankatenga foni kuti awaimbire, n'kukumbukira msana wonyowa uja pa njinga, n'kuibwezera m'chikwama. Ankadziuza kuti Khirisimasi apita. Khirisimasi inafika, anatumiza shuga ndi sopo kudzera mwa Swaleh. Zinakhala choncho zaka ziwiri.

Foni inalira masana ena mu Januwale, iye akudya mbatata pa desiki. Anali mayi Lettie, oyandikana nyumba ndi a Noah, amene anamulera Enifa pang'ono mayi ake atamwalira.

"Enifa, mwana wanga, limba mtima. Ababa ako atisiya m'mawa uno."

Enifa anayang'ana pa laputopu. Mzere wa a Noah unali wodzaza mpaka tsiku lomwelo.

"Ayi, amayi, mwina mwasokoneza. Atumiza nambala lero lomwe. Ndikuiona pano."

"Nambala yanji? Foni yawo inazima kalekale. Akhala chigonere sabata ndi kanthu, malungo."

Anatseka laputopu pang'onopang'ono. A Diana anamufunsa chimene chachitika, iye anangoti, "Madamu, ndikupita kumudzi," mawu ake ali bwinobwino, ngati akupempha kupita ku banki.

Kumudzi kunali kouma. Mvula inali ikugwa ku Chileka ndi pa Lirangwe penipeni, koma mudzi umenewo inkangoulambalala, ndipo chimanga chinali chitapinda masamba. Tsiku loika maliro dzuwa linawotcha, adzukulu anakumba dothi lofumbuka. Enifa analira monga mwa mwambo, anakhala ndi azimayi m'nyumba, anamva achibale akunong'onezana kuti mwana wa m'tauni wafika bambo ataziziratu.

Anthu atayamba kubalalika, mayi Lettie anamuitanira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi khola la nkhuku. Anakhala pansi, anakonza chitenje, anazengereza.

"Sindikufuna uzimve kwa ena. Ine ndinawauza kuti tikuimbire. Ndinawauza kangapo. Iwo anakana."

"Anali okwiya nane?"

"Ayi. Ankati, 'Musamuvutitse. Akaona kuti sindikutumiza, abwera yekha. Mwana wanga amayang'ana m'mawa uliwonse, Swaleh anandiuza.' Ndiye njinga yamoto ikamveka kumsewu ankadzutsa mutu, n'kumati, 'Tamverani, si ameneyo?' Ine ndinaganiza kuti mwina muli ndi pangano lanu. Atafooka kwambiri tinawatengera ku chipatala pa ngolo, koma tinachedwa."

Enifa anayang'ana choyezera mvula chili pamtengo wake pakati pa bwalo, pamalo pomwe panali chitini kale. Chinali chouma, m'kati muli kangaude. Anafuna kufotokoza, koma akanayamba pati? Akanawauza bwanji mayi Lettie kuti ankayang'anadi, m'mawa uliwonse, ndipo ankaona bambo ake ali bwino? Anangoti, "Zikomo, amayi, pondiuza."

Atabwerera ku ofesi anatsegula mauthenga enieni, amene amafika asanadutse mu tizida take. Anali asanawatsegule kwa miyezi, popeza panalibe chifukwa. Uthenga womaliza wa a Noah unali nambala yaing'ono, kamvula kowaza, ndipo pambuyo pake panalibe kanthu. Anabwerera pa tebulo lodzaza lija. Pamenepo a Noah anali akutumizabe. Anatumiza tsiku limene anagona pa ngolo, tsiku limene anamwalira. Pa tsiku la maliro, pamene iye Enifa anaima padzuwa fumbi likumulowa m'maso, tebulo linkati kwa a Noah kwagwa mvula yabwino. Ndipo ngakhale m'mawa wa tsiku lobwerera ku ofesilo, bambo ake ali m'manda, nambala yatsopano inali itakhala kale pamalo pake, yakuda ngati zinzake.

Anatuluka panja n'kusanza kuseri kwa ofesi.

Masabata otsatira sanali bwino. Ntchito ankagwira, koma tebulo lililonse lodzaza linkamuopsa. Akayang'ana mzere wa mudzi uliwonse ankadzifunsa kuti mwini wakeyu ali moyo kapena ndi kachida kaja kakulankhula m'malo mwake. M'bandakucha, tulo tikutha, ankamva chitini chikugogodedwa ndi kamtengo, monga ankachitira a Noah pokhuthula madzi, ndipo akatsegula maso ankapeza kuti ndi lata likuphulika ndi dzuwa, kapena palibe chilichonse. Njinga yamoto ikadutsa pamsewu, khosi lake linkatembenuka lokha. Tsiku lina pa msika anaona mdala wovala jekete ya ulonda yakale akukankha njinga, anamutsatira mpaka pa ogulitsa makala. Mdalayo atatembenuka anali munthu wina, wa ndevu, ndipo anamufunsa ngati wataya kanthu.

Anapita kwa abusa. Anamumvetsera bwino, anapemphera naye, anati akufa samasunga mangawa. Za areyi ndi mipata sanazimve, ndipo Enifa sanawakakamize.

Amene anamva anali Swaleh. Anamupeza tsiku lina masana atakhala pa khonde la ofesi, chakudya chili pambali chosakhudzidwa.

"Achemwali, a Noah anawapha ndi malungo. Si kompyuta."

"Ndikudziwa, achimwene."

"Ndiponso ine ndi amene ndinawauza kuti mumayang'ana tsiku lililonse. Ndinkafuna ndiwasangalatse. Ndikanakhala chete, bwenzi atalola kuti akuimbireni." Anavula chipewa n'kuchizunguza m'manja. "Inenso sindikugona bwino."

Anakhala pamenepo awiriwo mpaka ndege ya masana inadutsa pamwamba ikutsikira ku bwalo, mawindo a ofesi n'kunjenjemera.

Tsiku lomwelo Enifa anatsegula tseka_mpata. Ankaganiza zokafufuta, koma alimi ankafunikabe malangizo, ndipo mipata inalipobe. Anakhala n'kuganiza, n'kuona kuti mzere wachiwiri uja sunkafunika kukhala wolemera. Unkangofunika kusunga inde kapena ayi pa malo alionse, chinthu chopepuka ngati mankhusu, chimene ngakhale laputopu yakeyo sikanachimva. Analemba, anayesa, zinatheka dzuwa lisanalowe. Manambala oikidwa anabwereranso ofiira, ndipo liwiro linali lomwe lija. Zimenezi zinamupweteka kuposa mawu a achibale. Njira inalipo kuyambira kale, ya masana amodzi. Atayendetsa pulogalamu pa Januwale yense, mzere wa a Noah unafiira kuyambira pakati mpaka kumapeto.

Anawonjezera kachida kena, kotchula dzina la aliyense amene wakhala chete m'mawa wachiwiri. Kakatchula, Enifa amaimba foni, osadikira. Ambiri amadabwa. A Majid a ku Madziabango anaseka mpaka kutsokomola, ati anapita ku ukwati wa mdzukulu, kodi boma layamba kulondola anthu? Wina anakwiya kuti akumuyesa waulesi. A Diana anadandaulapo za mayunitsi, kenaka anasiya. Kamodzi kokha anapeza mayi wina atathyoka mwendo, koma ameneyo abale ake anali atamutengera kale ku chipatala. Enifa amaimbabe.

Mzere wa a Noah anausiya. Swaleh anati apeze munthu wina pamudzipo, iye anati dikirani kaye. Unakhala wofiira Febuluwale yense.

M'mawa wina mu Malichi, mvula itagwa usiku wonse, anatsegula laputopu n'kupeza nambala yakuda kumapeto kwa mzere wofiirawo. Anatsegula mauthenga enieni. Unalipo, wochokera pa foni ya a Noah, wotumizidwa nthawi yomwe iwo ankatumizira. A Diana anamupeza atakhala chowongoka, akuyang'ana khoma.

"Mwatani, a Enifa?"

"Ababa atumiza."

A Diana anayang'ana pa laputopu, anayang'ana Enifa, kenaka anatenga foni yawo n'kuimba nambalayo okha, n'kuiika pa desiki kuti onse amve. Inaitana nthawi yaitali.

"Halo?" Anali mayi Lettie, akupuma mwamphamvu ngati achokera kumunda.

Enifa anaweramira pa foniyo. "Amayi, ndi inu mwatumiza?"

"Ndine, mwana wanga. Kodi ndalakwitsa? Chinthu chija chimadzaza mpaka kusefukira, ndikamadutsa chimakhala ngati chikundiyang'ana. Ndiye ndapatsa mkamwini foni akatchaje pa Lirangwe. Ababa ako ankandionetsa powerenga pake. Ndati mwina kumeneko mukuvutika."

"Simunalakwitse. Pitirizani."

Atadula foni, Enifa analira koyamba kulira kwake kwenikweni, kosakhala kwa mwambo, mutu uli pa desiki. Dzina la pa mzerewo anapempha Swaleh kuti asinthe, alembe la mayi Lettie, iye mwini atatuluka panja.

Nyumba ya kumudzi inalibe woisamala, ndipo achibale anayamba kukambirana zoti aigwetse, malata agawane. Enifa anawauza kuti akhalamo yekha. Anasiya kachipinda ka ku Chileka mu Epulo, n'kuyamba moyo wa maminibasi awiri kupita, awiri kubwera. Anthu ena amati anachita zimenezi chifukwa cha manyazi, ena amati akufuna munda. Iye sanafotokozere aliyense. M'nyumbamo amagona m'chipinda chake cha pa ubwana. Cha a Noah amachisesa Loweruka n'kutsekanso.

Chimanga chimene a Noah anadzala chinapulumuka pang'ono ndi mvula ya mochedwa ija. Nthawi yokolola itafika, Enifa ndi mayi Lettie analowa m'munda m'mawa, dengu lili pamutu. Mizere yoyambirira inali yopaliridwa bwino, yobandiridwa mwaukhondo monga ankachitira a Noah, ndipo zisononkho zake zinali zooneka. Atafika chapakati, udzu unayamba kuwakola miyendo. Kuyambira pamenepo mpaka kumalire munda unali tchire, mapesi owonda ngati bango, opanda kanthu.

Pamalire a polima ndi posalima, Enifa anapunthwa pa chinthu. Anapatula udzu. Linali khasu, litakhomeka m'nthaka pakati pa mzere, mpini utapendekera kumene munthu anaima.

"Tinalifuna khasu limeneli pa maliro," anatero mayi Lettie chapansipansi. "Tsiku limene anayamba kudwala anabwera kunyumba chimanjamanja, akunjenjemera. Ankati abwerera mawa akamalize."

Enifa anagwira mpini kuti alizule. Chiswe chinali chitaudya m'kati, ndipo unafumbutuka m'manja mwake, n'kutsala chitsulo chokha m'dothi. Anagwada, anachikumba ndi zala, anachigogoda pa mwala kuti dothi ligwe, n'kuchiika m'dengu pansi pa chimanga. Kenaka anafunsa mayi Lettie ngati pa Lirangwe pakadali munthu wosema mipini.

"Alipo, tsiku la msika."

Anatembenuka n'kuyamba kukolola mzere wotsatira.